Dzina Loyamba M'kope la Lachisanu

Khalani pansi ana inu, nsanja ino si bwalo la mpira. Lusungu, chotsa phazi pa chingwecho. Zitini zikamalira pachabe mpheta zimazolowera, ndipo mbalame yozolowera phokoso imadya mpunga uku ikukuyang'ana. Lero ndiyankhula Chichewa chifukwa cha inu awiri a ku Lilongwe, iwe ndi Wongani, amene Chitumbuka chimakuimani pakhosi ngati munga wa nsomba. Changa ndi Chichewa cha m'kalasi, ndinachiphunzira ndevu zitamera kale, ndiye chikapindika musaseke kwambiri.

Koma amene ndikumufuna kwenikweni ndi uyo wakhala kunsonga kwa nsanja atandifulatira. Temwa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi mdzukulu wanga ameneyu osandiyankhula. Tikukhala nyumba imodzi, madzi amandibweretsera, amagwada bwinobwino, koma pakamwa anatseka. Mawu ake omaliza anali akuti, "Asekulu, sindidzakuuzaninso kanthu." Ine ndaika m'manda mkazi ndi ana awiri, ndinalira n'kudzuka. Koma mawu amenewa akundiyendetsa uku ndi uku ngati nkhuku yosowa poikira. Khala choncho ngati ukufuna, Temwa. Khutu lilibe chitseko.

Inu munayamba sukulu mano oyamba asanaguluke. Ine ndinayamba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, mwina kupitirira, panalibe wowerenga. Bambo anga ndi mng'ono wawo anali ndi khola limodzi, ng'ombe zisanu zowonda, ndipo mbusa ndinali ine. Anzanga akamadutsa m'mawa ndi masileti m'khwapa, ine ndinali kumbuyo kwa michira. Chaka chimene ng'ombe zitatu zinafa ndi matenda, bambo anati ziwiri zotsalazo sizifuna munthu wamkulu, ndipo ndinadzuka ndekha kupita kusukulu nditavala kabudula wa amalume womanga ndi luzi.

Masiku amenewo panalibe mapepala obadwira. Mwana akafika ankamuuza kuti adutsitse dzanja pamutu agwire khutu la mbali inayo, akaligwira ndiye kuti wakula. Ine langa likanagwira khutu n'kupitirira kukakanda chibwano. Aphunzitsi aakulu atandiona anaseka, nati kuno si kubwalo la madoda, ndibwerere ndikafune mkazi. Ndinali nditatembenuka kale pamene mphunzitsi wina anayankhula. Dzina lawo sindilitchula, ana awo alipo ndipo sanalakwe kanthu. Tinkawatcha a Chipewa, chifukwa chipewa chawo ankavula m'tchalitchi mokha. Iwo anati, "Musiyeni. Wobwera ndi miyendo yake sathawa."

Ndinakhala kumbuyo kwa kalasi pa chipika, mawondo ali m'makutu, pakati pa tiana tamamina. Belu linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pa mtengo wa mango. Tinkayamba kulemba pansi ndi chala, kenako pa sileti, ndipo sileti tinkafufuta ndi malovu. Wongani usakwinye nkhope, malovu enieni. Dzanja langa linazolowera chikwapu ndi chingwe, cholembera chinkathyoka ndikangochigwira. A Chipewa ankatsala nane ena akaweruka. Anagwira dzanja langali, ili lomweli, nalitsogolera mpaka ndinalemba chilembo choyamba cha dzina langa, Yotamu. Anati ndichione ngati phanda la nkhokwe. Anandipatsa malaya awo akale ndi lumo lometera, ndipo ana akamandiseka ankawaletsa. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti munthu ameneyo ndinkamukonda kuposa bambo anga ondibala. Inu mumaganiza kuti woopsa amaonekera pankhope. Awa ankaimba bwino m'kwaya, ndipo mayi aliyense ankafuna kuti mwana wake alowe m'kalasi mwawo.

Dikirani. Mpheta zatera uko, kufupi ndi ngalande. Imvani m'mene zitini zimalilira akakoka mwini munda. Kale tinalibe ngakhale zitini, tinkapota chikwapu cha khonje chophulika ngati mfuti, ndipo pofika nthawi yokolola phewa linkakhala lotupa. Zapita. Zibweranso, sizichedwa.

Nditafika Sitandade 4, a Chipewa anandiika kukhala monitala. Nanga akanasankha ndani, ine ndinali wamtali kuposa aphunzitsi ena. Anandipatsa kope la chikuto chofiira ndi pensulo. Ntchito yaikulu ya monitala inali ya Lachisanu masana. Nthawi imeneyo ana a sukulu ankagwira ntchito kunyumba za aphunzitsi, ndipo palibe ankaona cholakwika, makolo ankati ndiko kuphunzira ulemu. Anyamata nkhuni ndi khasu, atsikana kutunga madzi, kuzira nyumba, kusinja mpunga ndi kupeta. Ine ndinkalemba mayina m'kope, n'kuwerenga mokweza, n'kutsogolera gulu. Ndinkayenda ngati msilikali. Munthu amene dzulo anali kumbuyo kwa michira ya ng'ombe, lero ali ndi pensulo kukhutu.

M'kalasi lomwelo munali Jenala, mwana wa bambo aang'ono, mlongo wanga wa khola limodzi ndi mtondo umodzi. Inu mumamudziwa. Ndi agogo a ku Ngara, amene amakubweretserani usipa wouma m'kathumba, amene sagona kwathu, amene salawa chambiko chathu ngakhale chitakoma bwanji. Mumati mkaka umawapweteka m'mimba. Amene anakuuzani zimenezo ndine. Nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zitatu, wochepa thupi, wakuthwa mutu. Masamu ankandiphunzitsa ndi iyeyo panjira. Ankayenda chafutambuyo patsogolo panga n'kumati, "Adumbu, ndevu zonsezo, seveni taimusi eyiti?" Adumbu ndiye kuti achimwene. Ndikalakwa ankaseka mpaka kukhala pansi. Ankafuna kudzagwira ntchito kupositi ku Chilumba. Tinapitako kamodzi wapansi, titasenza mpunga, ulendo wa m'mawa wonse umene inu lero mumauyenda pa minibasi musanamalize nzimbe imodzi. Iye anaima pazenera la positi n'kumamvetsera kulira kwa chidindo pa makalata, ndipo njira yonse yobwerera ankadinda masamba ndi mwala.

Chaka chimenecho akazi a a Chipewa anapita kwawo kukachira, ndipo anakhalako miyezi yambiri. Lachisanu lina a Chipewa anandiitana, nayang'ana m'kope, nati mlongo wanga amapeta bwino, sasiya mankhusu, ndiziyamba ndi dzina lake. Ndinanyada. Ndinakauza ngakhale amayi ake kuti aphunzitsi ayamikira. Lachisanu lotsatira anati ena onse ndibwerere nawo, Jenala atsale amalize mpunga. Lotsatiranso chimodzimodzi.

Jenala analeka kuyenda chafutambuyo. Masamu a panjira anatha. M'mawa wina tikuwoloka ngalande iyo, inali yatsopano nthawi imeneyo, simenti ikadali yoyera, anagwira malaya anga, malaya a a Chipewa omwe aja, nati, "Adumbu, lero musandilembe." Ndinamufunsa chifukwa chake. Anangoyang'ana madzi. Ndinamuuza kuti ulesi ndi woipa, ndipo ndinamulemba. Sabata ina anabwera chala chitamangidwa kansanza, atadzicheka ndi zenga. Mwana amene anakula ndi zenga m'manja osadzichekapo. Anandionetsa magazi. Ine ndinati kupeta sikulephereka chifukwa cha chala chimodzi.

Musandiyang'ane choncho. Kapena ndiyang'aneni, zikubwerazi ndi zoposa.

Tsiku limenelo nditabweza gulu, ndinakumbukira kuti kope ndaliiwala pakhonde la a Chipewa. Ndinabwerera. Dzuwa linali likadali pamwamba. Ndinapeza chitseko chotseka, zenera lotseka. Lichero linali pansi pabwalo, mpunga uli momwemo, nkhuku zikudya. Chipewa chinali pa mpando pakhonde, chija ankavula m'tchalitchi mokha. Ine sindinali mwana, ana inu. Ndinali pa msinkhu wokwatira, ndinadziwa. Mtima unandiuza kuti ndigogode. Ndiye mukudziwa chimene ndinachita? Ndinapirikitsa nkhuku. Ndinanyamula lichero n'kuliika pamwamba pa mtondo kuti mpunga wa aphunzitsi usaonongeke, ndinatenga kope langa, n'kumapita.

Zaka zoposa makumi asanu ndakhala ndikupirikitsa mbalame mumpunga, ndipo palibe chaka chimene nkhuku zimenezo sizinandibwerere.

Mvula itayamba, amayi ake a Jenala anaona kuti ali ndi pakati. Zotsatira zake zinachitika mwaulemu kwambiri. Palibe anakalipa. A Chipewa anatuma munthu kwa bambo aang'ono, madoda anakhala pansi pa mtengo, nagwirizana kuti nkhani ya pamudzi ithere pamudzi, kuti mphunzitsi wabwino akachotsedwa ana onse avutika. Jenala anakhala kumbuyo kwa amayi, nkhope ili pansi, ndipo palibe anamufunsa kanthu, chifukwa mwana wamkazi sankayankhula pabwalo. M'mawa wina tinaona ng'ombe yamsoti ikulowa m'khola mwathu, yofiira, ya banga loyera pamphumi. Bambo anaitcha Vyamala. Inu a ku Lilongwe, ndiye kuti zatha.

Koma mphekesera inafika kuboma, ndipo kunamveka kuti kukubwera woyendera sukulu, wamva kuti pali kope. Dzulo lake a Chipewa anandipatsa kope latsopano, lofiiranso. Sananene zambiri, anangoti lakalelo lada, ndikopere bwino. Anawonjezera kuti iwo akachoka, aphunzitsi aakulu sadzasunga doda m'kalasi. Usiku umenewo ndinakopera mayina a masabata onse, dzina la Jenala pena ndikuliika pakati, pena kulisiya. Moyo wanga wonse sindinalembepo mokongola chomwecho. Woyenderayo anafika pa njinga yamoto, munthu wofatsa. Anandiyang'ana m'maso nandifunsa ngati pali mwana amene ankatsala yekha kunyumba ya aphunzitsi. Ndinati tonse tinkapita limodzi n'kubwera limodzi. Anayamikira kalembedwe kanga, nakwera njinga yake.

Jenala anamukwatitsa kwa msodzi wa ku Ngara, munthu wamkulu, kukakhala mkazi wachiwiri. Mwanayo anabadwa, anamwalira asanayambe kukwawa. A Chipewa anaphunzitsa pano zaka zina zinayi. Ine nditapita kalasi lina kope ndinapatsa monitala wina, ndipo sindikudziwa kuti dzina loyamba linakhala la yani. Sindinafunse.

Ine ndinamaliza Sitandade 8. Ndinapeza ntchito yotsegula ndi kutseka zipata za madzi musikimu ya mpunga ino, chifukwa ndinkatha kulemba ndandanda ya olandira madzi lero ndi olandira mawa. Anthu ankati Yotamu sakondera, kope lake ndi loona. Vyamala inabereka kasanu ndi kawiri. Ng'ombe zimene ndinalowolera agogo anu aakazi zinatuluka mwa iyo. Zokoka pulawo m'munda uno zinatuluka mwa iyo. Nyenyezi imene mumaikonda, ya banga pamphumi ija, ndi mdzukulu wa adzukulu ake. Chambiko chimene mwadyera mbalaga, nthochi zophika zija, m'mawa uno chachokera kumeneko. Si mlandu wanu, musalavule. Koma tsopano mwadziwa chifukwa chimene agogo a ku Ngara amakankhira mbale kumbali.

Ndiime pang'ono, miyendo yachita dzanzi. Ayi, sindikupita kulikonse.

Amayi ako, Lusungu, mpaka lero amati ndinali bambo wovuta. Ndi zoona. Ana anga aakazi sindinalole kuti aponde pabwalo la mphunzitsi aliyense. Akatumidwa madzi ndinkapita ndekha ndi ndowa, nkhalamba ya ndevu kumatungira aphunzitsi, anthu n'kumaseka. Anawo akafunsa chifukwa ndinkangokalipa kuti ndanena ndanena. Anga ndinawatchinjiriza, koma ana a anzanga ndinkawaona akudutsa ndi malichero pamutu, ine n'kumawapatsa moni. Agogo anu aakazi anandifunsa kamodzi chifukwa chimene sindikamira ng'ombe zanga ndekha. Ndinati msana. Anamwalira akudziwa kuti ndi msana. Ndipo a Chipewa ndinakumana nawo atakalamba, pamsika wa ku Mlare, akuyenda ndi ndodo, chipewa china chili kumutu. Anandizindikira, anasangalala, anauza ogulitsa kuti uyu ndinamuphunzitsa kugwira pensulo ndine. Ndinawapatsa moni ndi manja awiri. Ndinawanyamulira thumba mpaka pa siteji.

Sukulu yanu ya lero ndi ina, Temwa, ndipo ine ndakhala m'komiti yake zaka zingapo tsopano. Anandisankha chifukwa cha imvi ndi mbiri ija ya kope loona. Pakhoma la ofesi pali chipepala cha malamulo, tinasainira tonse, kuti mwana asatumidwe kunyumba ya mphunzitsi, kuti mphunzitsi asatsale ndi mwana mmodzi chitseko chili chotseka, kuti mwana akadandaula amvedwe ndipo dzina lake lisungidwe. Pali bokosi la loko loponyamo timakalata. Pali gulu la amayi limene atsikana amakambako zawo. Tsiku losaina ndinalemba dzina langa bwinobwino, phanda la nkhokwe lili chilili, ndikuganiza kuti pepala ligwira ntchito imene ine ndinalephera. Pepala lilibe makutu, ana inu. Bokosi lija titalitsegula tinapezamo khoko la nthochi ndi kalata yodandaula za mpira wophulika.

Ndiye masabata atatu apitawo tinali kusenda chinangwa pakhonde, ine ndi Temwa. Uyu ndi monitala wa Sitandade 6, monga ndinaliri ine, koma wopanda ndevu. Anali kundisimbira za kusukulu monga amachitira masiku onse, za amene wagwa pa mpando, za amene wagwidwa akubera mayeso. Pakati pa nkhani anangoti aphunzitsi a masamu ali ndi mpunga wa chaka chatha wofunika kupeta, ndipo Lachitatu akaweruka amamutuma kusankha atsikana atatu. Wachinayi sasankhidwa, ndi Wezi nthawi zonse, ndipo ena akamabwerera iye amatsala. Inu awiri simumudziwa Wezi, ndi mnzake wa Temwa, mwana wamasiye wokhala ndi azakhali ake. Temwa anati masiku ano Wezi amadwala mutu Lachitatu lililonse. Ananena akuseka, kuti ndi ulesi.

Mpeni unagwa m'manja mwanga. Ndinamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa mdzukulu wanga.

Mungaganize kuti ndinathamanga nthawi yomweyo. Ayi. Ndinakhala masiku awiri. Ndinadziuza kuti mwina ndi mpunga basi. Ndinadziuza kuti mphunzitsi ameneyu ndi amene akukhozetsa ana kupita kusekondale, ndipo Temwa adzamufuna. Ndinapita kukhola, ndinabwerera, ndinapitanso. Nkhalamba yonseyi ikupirikitsabe nkhuku. Lachitatu m'mawa ndinaona Wezi akudutsa pamsewu, akuyenda ngati wasenza mtolo pomwe pamutu palibe kanthu, ndipo ndinavala nsapato.

Aphunzitsi aakulu a pano ndi mayi, wamng'ono kwa ana anga, wosachedwa pa zinthu. Anandimvetsera osandidula. Tsiku limenelo Wezi sanapite kokapeta, anakhala ndi amayi a gulu lija, a NyaGondwe ndi anzawo. Zimene anawauza sindikuzidziwa, si zanga, si zanunso, ndipo ndikadzamva wina wa inu akumufunsa tidzayambana. Chimene ndikudziwa ndi chakuti masana omwewo aphunzitsi aakulu anaimba foni kuboma kwa oona za ana, ndi kupolisi.

Patapita masiku komiti inaitanidwa, ndipo ndinaona zakale zikubwerera ngati madzi a m'ngalande ukatseka chipata. Anthu anali ena, mawu anali omwe aja. Wina anati nkhani ya pamudzi ithere pamudzi. Wina anati mayeso ali pafupi, ana athu awaphunzitsa ndani. Ndiye mmodzi, munthu wa tchalitchi changa, ananena motsitsa mawu kuti abale a mphunzitsiyo apita kale kwa azakhali a Wezi, pali ng'ombe yamsoti, mayiyo ndi wosauka, tikaumirira za kupolisi mwana atsala ndi manyazi okha. Anapempha kuti komiti ilembe kalata yoti atsikana ankapita limodzi n'kubwera limodzi. Onse anayang'ana ine, chifukwa mlembi ndine.

Ndinaimirira. Ndinawauza zonse zimene ndakuuzanizi, nkhuku, kope, Vyamala. Ena mwa iwo ndi ana a madoda aja anakhala pansi pa mtengo. Ndinati, "Kalata imeneyo ndinailemba kale kamodzi. Ng'ombe yake ndili nayo. Wofuna kudziwa kakomedwe ka mkaka wake abwere kwathu." Kalata sinalembedwe. Mphunzitsiyo anamuchotsa, nkhani ili m'manja mwa boma, ndipo kutchalitchi ena asiya kundipatsa moni. Zimenezo ndingathe kupirira.

Koma pomwepo ndinalakwanso. Wina atandifunsa mokalipa kuti nkhaniyi ndinaitola kuti, ine mutu utatentha, ndinati mdzukulu wanga sanama. Aphunzitsi aakulu anatsinzina. Titatuluka anandikokera pambali nati, "Adada, munasainira nokha. Dzina la mwana silituluka." Linali litatuluka kale. M'mawa mwake sukulu yonse inadziwa. Anakutcha wailesi, Temwa. A Sitandade 8 anakugenda ndi zibuma, akuti wawalepheretsa mayeso. Wezi yemwe sanakuyang'ane. Linali tsiku lotsekera sukulu, ana onse akubwera akuimba, iwe unabwera diresi lili matope, n'kundiuza mawu aja. Ndinafuna kudziyeretsa pamaso pa anthu, ndipo sopo wake unakhala iwe.

Dzana ndinakuuzani kuti ndikupita ku Mlare kukagula mankhwala a ng'ombe. Ndinanama, linali bodza lomaliza ngati Mulungu alola. Ndinatsikira ku Ngara. Ndinamupeza Jenala masana akutembenuza usipa pa thandala kuseri kwa nyumba yake. Pabwalo limenelo sindinapondepo zaka zambiri, ngakhale pa maliro a mwamuna wake ndinakhala kutali ndi amuna anzanga. Anandiyalira mphasa, anafunsa za inu mmodzimmodzi. Ine ndinagwada. Munthu wamkulu kugwadira mlongo wake wamng'ono, odutsa ankacheuka. Ndinamuuza za chitseko, za lichero, za kope lachiwiri. Ndinati Nyenyezi ndi ana ake ndimubweretsera, ndi zake.

Sanasiye kutembenuza usipa. Anati ankadziwa kuti tsiku lija ndinabwera, anandimva ndikupirikitsa nkhuku. Anati anadikira kugogoda.

Kenako anati, "Adumbu, ng'ombe inanso? Yoyamba inanditseka pakamwa. Iyi mukufuna itseke chiyani?" Anati ng'ombe zikhale, ana azimwa mkaka, ng'ombe sinalakwe kanthu. Anati chimene ankafuna nthawi yonseyo ndi munthu mmodzi woti amufunse kachiwiri. Ine ndinamufunsa kamodzi pa ngalande paja, atakhala chete ndinasiya. Nditamuuza za iwe, Temwa, anaseka, kuseka kuja kwa seveni taimusi eyiti, kopanda mano tsopano. Anati kamwana kameneko ndi kake, osati kanga. Anandipatsa usipa uwu kuti ndikupatse iwe wekha, nati ndikapepese, ndipo ndikapepesa ndikakhale chete chifukwa ndimayankhula kwambiri. Za kundikhululukira sananene, ine sindinapemphe.

Ndiye kathumba nako, ndakaika pambali pako. Ndinalakwa kukutchula. Pepa mwana wanga. Iwe sunalakwe kanthu, unasankha atsikana chifukwa wamkulu anakutuma, ndipo unanena, ngakhale unanena ukuseka. Chifukwa cha pakamwa pako Wezi sakudwalanso mutu Lachitatu, kaya akuyang'ane kaya asakuyang'ane. Makolo a okugenda aja aitanidwa kale, ndipo sukulu ikatsegulidwa ndiziyenda nawe mpaka pa mtengo wa mango, useke kayendedwe kanga ngati ukufuna. Ngati ine sundikhulupiriranso, uza a NyaGondwe, uza aphunzitsi aakulu, uza agogo a ku Ngara. Undide ine, koma pakamwa usatseke. Inunso awiri, kwanu kuli zitseko zambiri kuposa kuno. Wamkulu akati tsala wekha, akati usakanene, pamenepo ndiye pokanena. Ndipo mnzanu akangoyang'ana madzi osayankha, musamutche waulesi.

Tsopano ndikhala chete monga anandilamula.

Zateranso. Zisiyeni kaye.

Temwa, ndikufunsa kachiwiri. Pali chimene chatsala?

Wati chiyani? Tembenuka pang'ono, khutu ili linafa kale.

Ukuti Lolemba kunkatsala mwana wina kwa aphunzitsi omwe aja.

Ayi, usalitchule pano. Dzinalo lili ndi mwini wake, ngakhale ine sindikufuna kulimva. Ukalinene kwa a NyaGondwe, awiriwiri, ife tikakhala panja ngati tabwera kudzabwereka zenga. Palibe adzadziwe kuti lachokera kwa iwe, ndikadzatsegula pakamwa udzandiuze kuti ndine monitala wachabe. Tipite mawa, kapena tsopano?

Tsopano. Chabwino.

Tsikani nonse. Lusungu, ndipatse ndodo yanga. Wongani, siya chingwecho, sindisiya mwana yekha pafupi ndi ngalande. Ndaziona, ndaziona, mtambo wonse wa mpheta watera pakati penipeni, pomwe mpunga wacha bwino. Zidye. Temwa, tsogola, njira ukuidziwa ndiwe.